Tsiku Limene a Nafotokope Anapikisana ndi Mwana Wawo

Ine ndine telala. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi shopu yanga inali yoyandikana ndi ya mayi wina amene tonse pa mzere wa mashopu uja tinkangowatchula kuti a Nafotokope. Pakati pathu panali khoma la matabwa lokha, moti makina anga akamalira iwo ankamva, awo akamatafuna mapepala ine ndinkamvanso, pamodzi ndi mawu amene ankawalalatira makinawo. Choncho zimene ndikufotokozazi zina ndinaona ndekha, zina ndinamvera pakhoma, zotsalazo anandiuza eni ake.

Makolo awo anamwalira iwo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo analeredwa ndi achemwali awo aakulu, mayi wogulitsa zovala za kaunjika, wamawu akuluakulu ndi mtima wapachala. Atamaliza sekondale anaphunzira kutayipa, nagwira ntchito kwa loya wina zaka zinayi. Loyayo potseka ofesi anawasiyira makina akale a fotokope ndi kompyuta imodzi, ndiye pamene panayambira shopu. Amuna awo anali dalaivala wa mathiraki. Anapita ulendo wina osabwerera, ali moyo ndithu, kungoti anapeza pena pofikira. Anawasiya ndi ana awiri aakazi.

Zokonza makina sanaphunzire kusukulu. Anaziphunzira chifukwa chokwiya. Fotokope ikawonongeka, wokonza ankati akubwera mawa, mawa lakelo n'kukhala masabata awiri. Tsiku lina anabwereka sikuludiraiva yanga, natsegula chimimba cha makinawo, n'kukhalamo tsiku lonse mpaka anatuluka nkhope ili bii ndi inki, makina akuyenda. Kuchokera pamenepo anthu anayamba kubweretsa mapulinta, kenaka malaputopu, kenaka sukulu ina yapafupi inawapatsa makompyuta ake onse khumi ndi awiri kuti aziwayang'anira.

Koma chimene anatchuka nacho kwambiri ndi masivi, mapepala aja munthu amalembapo maphunziro ake ndi ntchito zimene wagwirapo akamafunsira ntchito. Achinyamata ophunzira zamakompyuta ankabwera kuti angosindikiza, koma a Nafotokope sankasindikiza chinthu asanachiwerenge.

"Apa mwalemba kuti ndinu wolimbikira ntchito," ndinkawamva pakhoma. "Alipo amene analembapo kuti ndi waulesi? Fufutani. Munakonzapo chiyani ndi manja anu? Makompyuta angati? A ndani? Lembani zimenezo. Masamba asanuwa akawerenga ndani? Awiri akwana. Nanga imelo yanuyi, ‘mfumuyamadolo’? Bwana aitane mfumu ya madolo kuti idzamugwirire makompyuta? Tsegulani ina ya dzina lanu."

Wina akabwera ndi uthenga woti wapeza ntchito koma ayambe watumiza ndalama ya fomu, ankamuuza kuti ntchito yoyamba ndi kulipira si ntchito, ndi msampha. Ndipo aliyense wopita ku intavyu ankamupempha kuti akadzabwerako adzawauze mafunso amene anafunsidwa. Motero, popanda kulowapo m'chipinda cha intavyu ya zamakompyuta, anali ndi mafunso ambiri m'mutu kuposa aphunzitsi a kukoleji.

Zaka zinapita, ntchito inayamba kuchepa. Anthu anayamba kujambula zikalata ndi foni n'kutumiza pomwepo. Kenaka eni nyumba anatiitana tonse n'kutiuza kuti nyumbayo yagulitsidwa, igwetsedwa pakatha miyezi itatu. Ine sindinade nkhawa kwambiri, makina osokera amakwana pakhonde lililonse. Koma a Nafotokope, ndi zaka zawo makumi anayi ndi zitatu, sankadziwa kumene angapite ndi makina awo.

M'masiku omwewo ndi pamene mwana wa achemwali awo aja anabwera ndi nyuzipepala. Mnyamatayu kunyumba ankamutchula kuti Injiniya kuyambira tsiku limene analowa koleji. Anali ndi dipuloma ya zamakompyuta, koma anali atakhala zaka ziwiri osapeza ntchito, akutumiza sivi imodzi yomweyo kumalo oposa makumi asanu. Tsopano kampani ina ya magalimoto onyamula katundu inkafuna munthu wothandiza antchito ake makompyuta ndi mapulinta akavuta.

A Nafotokope anamukhazika pansi, nayamba kumufunsa. Zinapezeka kuti ali kukoleji analumikiza intaneti m'zipinda makumi atatu za kumalo ogona ophunzira, ndipo kwa chaka chathunthu ankathandiza mphunzitsi wake kuyang'anira seva, kompyuta yaikulu ija yosunga mafayilo a anthu onse. Zonsezi pa sivi yake panalibe.

"Iwe, golide ukumusiya m'thumba, pamsika n'kuyala miyala?" anatero. "Tilembe zimenezi pamwamba penipeni."

"Amayi aang'ono, zimenezo ndi zakusukulu. Onse akufuna munthu amene anagwirapo ntchito zaka ziwiri. Nanga zaka ziwirizo ndikazigula kuti? Tingolemba kuti ndinkagwira pano."

"Pano unagwirapo chiyani?"

"Ndinkabwera."

"Unkabwera kudzatchaja foni."

"Ndani angadziwe?"

"Makina adzadziwa. Akadzakuikira pulinta yakufa patsogolo, pepala silidzakuyankhira. Zabodza ine sinditayipa, mwana wanga, angakhale ndiwe."

Injiniya anatenga sivi yatsopanoyo pa fulashi, nati akatumiza yekha. Anatuluka osatsanzika bwino, nyuzipepala n'kuiiwala patebulo.

Patapita ola, a Nafotokope anaima pakhomo panga nyuzipepala ija ili m'manja.

"A Telala, tamverani. ‘Kukonza mapulinta. Kuika mapulogalamu. Kuthandiza anthu oiwala pasiwedi. Akhale ndi dipuloma, kapena zaka zisanu akugwira ntchito yotere.’ Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zimaposa zisanu, eti?"

"Pa tepi yanga zimaposa."

"Zonse alembazi ndi zimene ndachita kuyambira mmawa."

"Nanga mwana?"

Anakhala nayo nkhaniyo sabata yathunthu, ndipo tsiku lotsekera analemba sivi yawo yoyamba m'moyo, tsamba limodzi ndi theka. Anaimbira mphunzitsi wamkulu wa sukulu ija ndi mwini sitolo ina ya mankhwala amene ankamukonzera makina, kuwapempha kaye ngati angawaikire umboni akafunsidwa. Onse anavomera. Anatumiza, n'kundiuza kuti ndisauze munthu, chifukwa palibe amene angaitane gogo.

Anawaitana. Anaitananso Injiniya, ndipo uthenga wa kukampani unawapeza onse awiri Lolemba.

Achemwali awo anafika pashopu masana akululutira, thumba la kaunjika lili kumutu. Analitula pakhomo, nawakumbatira a Nafotokope.

"Dzanja lako ndi lamwayi, m'bale wanga! Amuitana! Lachisanu mmawa!"

Ine ndinaimitsa makina.

"Achemwali, khalani pansi. Inenso andiitana."

"Akuitana kukatani? Kukamuikira umboni?"

"Ndinafunsira ntchito yomweyo."

Achemwali aja anaseka kaye, poganiza kuti ndi nthabwala. Kenaka mawu awo anatsika, ndipo mayi amene uja akatsitsa mawu ndiye kuti zafika poipa.

"Mwana wabwera kwa iwe kuti umuthandize, iwe n'kumuwerengera m'manja? Zaka ziwiri ndikumuona akugona masana, akuonda, anzake akukwatira. Lero chakudya chafika pakamwa pake, wochilanda n'kukhala mayi ake?"

"Aitana anthu asanu ndi mmodzi, Achemwali. Ine nditasiya, si kuti ntchito yagwera iye. Nyumba ino akuigwetsa. Ana anga awiri ali pasukulu. Ndipite nawo kuti makinawa?"

"Iwe uli ndi luso, sungagone ndi njala. Iye ali ndi chiyani? Ine ndinasiya sukulu kuti iwe uphunzire. Ndinakusambitsa ndi manja awa. Sindinakupemphepo kanthu. Lero ndikupempha chimodzi: usapite."

"Ndikasiya, iye n'kulephera, tonse tidzadya chiyani?"

"Ndiye wamulodzeratu kuti alephera?"

"Sindinatero."

"Ukapita Lachisanu, usadzanditchulenso kuti achemwali."

Anasenza thumba lawo okha, n'kukana kuti ndiwathandize.

Masiku atatu otsatirawo a Nafotokope sankadya. Anabweretsa siketi yawo yakuda kuti ndiichepetse, ndipo poyeza ndinapeza kuti m'chiuno mwatsika zala ziwiri. Kawiri konse anatenga foni kuti aimbire kampani ija kuti sabwera, kawiri konse anaibweza patebulo. Lachitatu analembera Injiniya uthenga wautali: mafunso amene amakonda kufunsa pa ntchito zotere, kuti afike mphindi makumi atatu nthawi isanakwane, kuti awerenge za kampaniyo adziwe kuti imanyamula chiyani, kuti asanakhudze makina ayambe wafunsa mwini wake chimene chinachitika, ndiponso kuti chimene sakuchidziwa anene kuti sakuchidziwa. Foni inaonetsa kuti wawerenga. Sanayankhe.

"Mukumupatsa mpeni woti akuchekereni," ndinawauza.

"Ndi mwana wanga, a Telala. Akandiposa andipose ali wokonzeka."

Lachisanu anafika pakampanipo mlonda akungotsegula geti. Anawalozera kakhonde kakatali ka m'kati, kokhala ndi benchi imodzi yotsamira khoma, wotchi pamwamba pa chitseko, ndi zenera loyang'ana pabwalo pomwe mathiraki ankabwerera chambuyo akulira. Ena asanu aja anafika mmodzimmodzi, onse achinyamata, mafayilo ali m'khwapa. Injiniya anafika womaliza, atavala jekete ya malemu bambo ake. Anawaona, nakakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi.

Mtsikana amene anakhala pafupi nawo anawamwetulira.

"Mwaperekeza mwana, mayi?"

"Ndabwera ndi mwana," anatero a Nafotokope, "koma sindinamuperekeze."

Woyamba analowa, natuluka patatha mphindi khumi akupukusa mutu. Wachiwiri anatuluka manja ali ndi inki. Wachitatu anali Injiniya. Podutsa patsogolo pawo, a Nafotokope anaona kuti kolala yake yapindika kumbuyo. Dzanja lawo linanyamuka lokha kuti liikonze, koma iye anali atadutsa kale.

Anakhalamo mphindi makumi awiri ndi zisanu. Iwo anaziwerenga zonse pawotchi ija. Potuluka anali thukuta kamukamu, ndipo sanayang'ane kubenchi. Kenaka anamva dzina lawo.

M'chipindamo munali anthu atatu kuseri kwa tebulo: bwana wa zamakompyuta, bambo woonda wamagalasi, mayi woona zolemba anthu ntchito, ndi mkulu wa madalaivala, chimunthu chamimba chovala malaya a kampani. Pakona panali desiki, kompyuta ndi pulinta. Asanakhale n'komwe, mkulu wa madalaivala uja anamenya tebulo.

"Mayi, mathiraki anayi aima panja, mapepala a katundu sakutuluka, makasitomala akundiimbira! Muli ndi mphindi khumi!"

A Nafotokope anadzidzimuka. Koma munthu wokalipa chifukwa cha pulinta anali atamuona kambirimbiri.

"Pepani bwana, tikonza. Inasiya liti?"

"Dzulo madzulo!"

"Dzulo chinasintha n'chiyani m'chipinda muno?"

Bambo uja anayang'ana mnzake wamagalasi, kenaka anati, "Anasuntha desiki pokolopa."

Anagwada pansi ndi siketi yawo ija, natsatira nthambo kuchokera kumbuyo kwa pulinta mpaka pakhoma. Pakhomapo panali mabowo awiri a netiweki, ndipo nthambo inali pabowo limene kagetsi ka pulinta sikankayaka nalo. Anaisamutsa, kagetsi kanaphethira. Koma pulinta sinatulutse kanthu. Anakhala pakompyuta, napeza kuti mapepala makumi awiri amene anthu anatumiza mobwerezabwereza anathithikana pamzere. Anawafufuta, nazimitsa pulinta, naiyatsanso. Inakoka pepala, koma linapanikizika pakati. Anatsegula kumbuyo, nachotsa kachidutswa ka pepala kamene wina anakabisa dala pansi pa mawilo. Pepala linatuluka pa mphindi yachisanu ndi chitatu.

Mkulu wa madalaivala anaseka, ukali wonse utatha, ndipo anawalozera mpando.

Wamagalasi uja ndiye sanaseke. "Seva itafa lero, mungabweze bwanji mafayilo a dzulo?"

"Sindikudziwa, bwana. Seva sindinaigwirepo. Choyamba sindingakhudze chilichonse. Ndingafunse kumene mumasunga makope a mafayilo, ndi kuimbira amene anaiika. Koma mukandionetsa kamodzi ndidzalemba m'kope, simudzandionetsanso kachiwiri."

Bamboyo analemba kanthu osaonetsa nkhope. Anafunsa mafunso ena atatu, awiri anayankha, limodzi anavomeranso kuti sakulidziwa. Iwo anayesa kuti zatha. Ndiye mayi woona zolemba anthu ntchito uja anasolola pepala lina pansi pa fayilo, naliika pambali pa sivi yawo.

"Mayi, tithandizeni. Mnyamata amene watuluka uyu walemba kuti wakhala akukonza makina pa shopu ya fotokope kwa zaka ziwiri. Dzina la shopuyo ndi lomwe lili pa sivi yanu. Nambala ya bwana wake ndi yanuyi. Ndi zoona?"

A Nafotokope anayang'ana pepalalo, naona sivi imene anatayipa okha, koma pamwamba pake pataonjezedwa mizere itatu. Akati eya, anama pamaso pa anthu amene akufuna kuwasungitsa mapasiwedi a kampani yonse. Akati ayi, apha mwana ndi pakamwa pawo, ndipo aliyense adzati anachitira dala kuti ntchito ikhale yawo. Panja thiraki inali kulirabe. Anthu atatu aja anangodikira.

"Ndi mwana wa achemwali anga," anatero. "Pashopu panga sanagwirepo ntchito. Anandipempha kuti tilembe choncho, ndinakana, sindinadziwe kuti waonjezera. Walakwa. Koma zaka ziwiri zokhala pakhomo zimamupangitsa munthu zinthu. Zina zonse zili papepalapo ndi zoona, ndinamufunsa ndekha chimodzichimodzi. Zipinda makumi atatu analumikizadi. Ndipo funso la seva limene landikanika ine, iye akanakuyankhani."

"Watiyankha," anatero wamagalasi. "Bwino kwambiri."

"Ndiye mwaona nokha."

"Mukudziwa kuti mukupikisana naye?"

"Ndikudziwa, bwana. Kunyumba akundikumbutsa."

Palibe anaseka. Mayi uja anawathokoza, nati amva pasanathe masabata awiri.

Injiniya anali atawadikira kunja kwa geti, padzuwa, jekete ili paphewa.

"Mwawauza chiyani?"

"Zoona."

"Amayi aang'ono, liwu limodzi lokha. Mukanangoti eya."

"Akanakufunsa kuti fotokope yanga ndi ya mtundu wanji, ukanati chiyani?"

"Anandifunsa."

"Unati chiyani?"

Mnyamatayo anayang'ana nsapato zake. Maso anali ofiira.

"Nanga pulinta ija?" anafunsa a Nafotokope motsitsa mawu.

"Ndinayambira pakompyuta. Nthawi inatha ndisanayang'ane nthambo."

Anafuna kumugwira paphewa, koma iye anabwerera m'mbuyo, nawoloka msewu, n'kukwera basi yopita mbali ina.

Foni inalira patatha masiku asanu ndi anayi, iwo akusindikiza makadi a ukwati wa munthu wina. Ndinawamva akuti, "Eya... eya... zikomo bwana." Nditasuzumira ndinawapeza atakhala pa katoni ya mapepala, foni ili pamiyendo. Anali atawalemba ntchito, koma poyamba miyezi itatu yoyeserera.

"Ndiye tisangalale?" ndinafunsa.

"Sindikudziwa, a Telala."

Nkhani inafika kwa achibale onse tsiku lomwelo, ndipo inafika itavala zovala zina: akuti a Nafotokope anakaneneza mwana kwa mabwana kuti ndi wakuba. Anapita kwa achemwali awo katatu. Koyamba anawatsekera chitseko. Kachiwiri anauzidwa kuti kulibe, nsapato zawo zili pakhomo. Kachitatu anawalandira ngati mlendo, nawapatsa mpando, nawafunsa za mvula, mpaka iwo anatsanzika okha.

Kuntchito nako sikunali kophweka. Mwezi woyamba ankaopa chipinda cha seva ngati muli njoka. Ankayenda ndi kope m'thumba, kulemba chilichonse chimene wamagalasi uja wanena, ndipo nthawi yopuma masana ankaonera maphunziro pafoni ali ndi chakudya m'dzanja lina. Tsiku lina anafufuta molakwitsa imelo ya dalaivala wina, nakadziulula okha asanafunsidwe, ndipo anabwera kwa ine akuti basi awachotsa. Sanawachotse. Miyezi itatu itakwana anawapatsa kalata yowakhazika pantchito, n'kuwalipirira kosi ya Loweruka.

Nyumba ija anaigwetsadi. Ine ndinasamukira pakhonde la sitolo ina, pafupi ndi siteji ya basi. Kumeneko ndi kumene Injiniya anandipeza patapita miyezi isanu, atanyamula ovolosi yatsopano yaitali miyendo kuti ndiipinde. Anali atapeza ntchito pa kakampani koika nthambo za intaneti m'nyumba za anthu, yokwera mapolo ndi kuboola makoma. Anati anapita yekha kwa mwini wake, namuonetsa zithunzi za ntchito ya kukoleji ija, namupempha kuti amuyese sabata imodzi.

"Koma musawauze amayi aang'ono," anatero.

Ndinawauza madzulo omwewo, atatsika basi. Telala amasunga miyeso ya anthu, osati nkhani. Anakhala pa kampando kanga koyezera, nandifunsa kutalika kwa mapolowo, ngati amawapatsa lamba wodzimangirira, ngati wanenepako.

Achemwali awo mpaka lero sanapiteko kunyumba kwawo. Koma mwezi wathawu anafika pakhonde panga, naima chapatali ngati akudikira basi. Kenaka anatulutsa foni yokulunga m'kampango, naiika pamakina anga.

"Yangozima yokha. Muli manambala a makasitomala anga onse. Injiniya ali kutali ndi ntchito." Anayang'ana kumsewu. "Anzanu aja amatsikira pano, eti?"

"Tsiku lililonse, ikangokwana faifi."

"Muwapatse. Muwauze kuti ndidzaitenga Lachiwiri."

"Mudzaitenga pano, kapena kwawo?"

"Pano," anatero. Anayenda masitepe angapo, n'kutembenuka. "Nthawi yomweyo ya faifiyo."